Kuchokera pa Muvi wa Kombe: Mbiri ya Mankhwala a Mtima ndi Mapapo

Alenje a ku chigwa cha Shire ankapanga muvi wa magawo awiri. Kumbuyo kunali bango lopepuka, kutsogolo kamtengo kolimba kokhala ndi chitsulo changowe, ndipo kamtengoko ankangokasomeka m'bangomo osamanga. M'munsi mwa chitsulocho ankamatamo phala la njere zosinja za kombe. Akalasa njati, bango lija linkathothoka nyamayo ikamathawa m'zitsamba, koma mutu wa muvi unkatsalira m'thupi. Mlenje analibe phuma. Ankalondola mapazi mwachifatse kufikira ataipeza itagwa. Akatero ankacheka mnofu wozungulira bala n'kutaya, nyama yotsalayo n'kusenzera kumudzi, anthu n'kudya osadwala.

Anthu amenewa ankadziwa kuti kombe amaopsa akalowa m'magazi kusiyana ndi akadutsa m'mimba. Ankadziwanso kuti njovu ndi mvuu sizigwa ndi muvi wotere, chifukwa ululu umene kamuvi kangasenze ndi wochepa pa thupi lalikulu chomwecho. Wophunzira za mankhwala masiku ano amakumana ndi mfundo zomwezi m'kalasi, zitavekedwa mayina aatali: njira imene mankhwala alowera m'thupi imasintha mphamvu yake, ndipo mlingo uyenera kulingana ndi thupi la womwayo. Mbiri yonse ya mankhwala a mtima ndi mapapo yazungulira pa nkhani imeneyi. Zomera zamphamvu anthu anazidziwa kalekale. Chimene chinadya zaka zoposa 100 chinali kuphunzira kuyeza.

Kombe ndi chomera choyanga chimene chimakwera mitengo italiitali m'madera otentha a m'zigwa za Shire ndi Zambezi. Maluwa ake ali ndi timichira titalititali tolendewera, ndipo zipatso zake zimabala ziwiriziwiri, zotalika, zoloza uku ndi uku. Zikauma zimang'ambika, njere n'kutuluka iliyonse ili ndi kangayaye ka ubweya kouluka ndi mphepo.

Mu 1859 gulu la David Livingstone linakwera mtsinje wa Shire n'kukocheza pafupi ndi mudzi wa Chibisa, kufupi ndi pamene lero pali boma la Chikwawa. M'gululo munali John Kirk, dokotala wachinyamata wophunzira ku Edinburgh, amenenso anali ndi ntchito yotolera zomera. Kirk anachita chidwi ndi mivi ya Amang'anja ndipo anatenga ululu wina n'kusunga. Tsiku lina anatsuka mano ndi mswachi umene unali m'thumba limodzi ndi kombe pang'ono. Anamva kuwawa m'kamwa, koma anaganiza kuti ndi kwinini, popeza nthawi zina ankatapira kwinini ndi chogwirira cha mswachiwo. Masiku amenewo anali ndi chimfine ndipo mtima wake unkagunda mofulumira. Posakhalitsa anaona kuti kugundako kwatsika. Livingstone analemba nkhaniyi m'buku la ulendowo, limene linatuluka mu 1865, n'kuonjezera maganizo akuti mwina ululuwu udzakhala mankhwala othandiza.

Kirk anatha kuzindikira zimene zinamuchitikira chifukwa madokotala a ku Britain anali atadziwa kale chomera china chochita zofanana. Mu 1775 William Withering anafunsidwa maganizo pa mankhwala a m'banja lina, amene mayi wina wachikulire wa ku Shropshire ankachizira anthu otupikana thupi. Munali zitsamba 20 kapena kuposerapo, koma Withering, pokhala wodziwa zomera, anaona kuti chogwira ntchito ndi duwa lotchedwa foxglove, lomwe akatswiri amati Digitalis. Kwa zaka 10 anakhala akuyesa masamba ake, kuwathyola pa nyengo imodzi, kuwaumitsa ndi kuwapera kuti mphamvu isamasinthesinthe. Buku lake la mu 1785 linafotokoza odwala 163, kuphatikizapo amene mankhwalawo sanawathandize ndi amene anawapweteka. Chimene ndimamulemekezera Withering ndi chimenechi, kuti sanabise zolephera. Analemba kuti mlingo ukapyola munthu amasanza, amaona zinthu ngati zachikasu kapena zobiriwira, mtima n'kuyamba kugunda mochedwa koopsa, ndipo analangiza kusiya mankhwala zizindikiro zoyamba zikangooneka. Ambiri amene anabwera pambuyo pake sanamvere. Ankapereka digitalis pa chifuwa chachikulu, pa misala ndi pa matenda ena ambirimbiri, m'milingo yakupha, mpaka mankhwalawo anaipa mbiri.

Ululu wa ku Shire utafika ku Britain, William Sharpey wa ku University College London anauyesa n'kupeza kuti umagwira mtima. Daniel Oliver wa ku Kew anapatsa chomeracho dzina la Strophanthus kombe mu 1871. Koma amene anathera zaka zambiri pa kombe anali Thomas Fraser wa ku Edinburgh, munthu amene anali atatchuka kale pofufuza nyemba za ku Calabar, ululu wa ku West Africa woweruzira milandu. (Mwavi wathu nawo, khungwa la mtengo wa Erythrophleum, uli ndi ululu wogwira mtima mofanana ndi digitalis, ndipo n'chifukwa chake amene sankasanza ankafa.) Fraser anayamba kulemba za kombe mu 1870. Anaonetsa kuti mtima wa chule umafinyika mwamphamvu kwambiri kenako n'kuima uli chifinyikire, anatulutsa m'njeremo mankhwala amene anawatcha strophanthin, ndipo mu 1885, pa msonkhano wa British Medical Association ku Cardiff, anafotokoza mmene anathandizira nawo odwala mtima. Njere zokwanira ntchito yotere zinkachokera kwa John Buchanan, amene anabwera ndi Mishoni ya Blantyre mu 1876 kenako n'kukhala mlimi ku Zomba. Chaka chotsatira msonkhano wa ku Cardiff, kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London inayamba kugulitsa mankhwala amadzi a strophanthus, ndipo kombe analowa m'gulu la katundu amene kampani ya African Lakes inkatumiza kunja pamodzi ndi minyanga ndi khofi. Buku la boma la British Pharmacopoeia la mu 1898 linali ndi njere za strophanthus pakati pa mankhwala ovomerezeka.

Apa ndi pamene ntchito ya akatswiri a mankhwala inaonekera poyera. Mtundu wa Strophanthus uli ndi zomera zambiri, ndipo njere zake zikachotsedwa m'makoko zimafanana. Mtengo wa njere utakwera, m'matumba opita ku London munayamba kulowa njere zosakanizika, zina zamphamvu, zina zopanda ntchito. Dokotala ankalemba madontho omwewo, koma botolo lina silinkachita kanthu pomwe linzake linkafuna kupha wodwala. Edward Morell Holmes, amene ankayang'anira nyumba yosungira zitsanzo za mankhwala ya Pharmaceutical Society, anatha zaka akusiyanitsa njerezi. Ophunzira ankaphunzitsidwa kudula njere pakati n'kudonthezapo asidi wa sulphuric: kombe weniweni ankasanduka wobiriwira, pomwe mtundu wina wotchedwa gratus unkafiira. Koma mtundu wa njere sunali wokwanira kunena mphamvu ya botolo. Mu 1898 katswiri wina wa kampani ya Parke-Davis ku Detroit, dzina lake Houghton, anayamba kuyeza mankhwala a mtima pa achule, kufuna kuona mlingo wochepetsetsa wopha chule wa kulemera kwakutikwakuti. Mu 1910 Hatcher ndi Brody anabweretsa njira yoyezera pa amphaka. Kwa zaka zambiri mphamvu ya mankhwala a mtima inkawerengedwa ndi imfa za nyama zimenezi, ndipo mibadwo ya ophunzira inayamba phunziro la mtima itagwira chule m'manja.

M'mabuku onsewa muli mayina a Kirk, Fraser, Oliver, Buchanan ndi Wellcome. Mulibe dzina la mlenje amene anasinja njere, kapena la munthu amene analozera mlendo chomeracho m'nkhalango. Ine sindiona ichi ngati chinthu chaching'ono. Kudziwa kuti pa zomera zonse za m'chigwa chimenechi ndi ichi chimene chimagwetsa njati, kuti ululu uli m'njere, kuti umakonzedwa motere, ndi ntchito ya mibadwo yambiri yoyesa ndi kuona, ndipo Fraser akanayambira pati popanda iyo? Olemba mbiri monga Markku Hokkanen ndi Abena Dove Osseo-Asare abwezeretsa nkhaniyi poyera m'zaka zaposachedwapa. Pangano la Nagoya la mu 2010, lonena kuti eni chidziwitso cha zomera azipindula nacho, linabwera kombe atatha kale malonda.

Strophanthin anali ndi vuto limodzi limene alenje aja ankalidziwa: salowa bwino kudzera m'mimba. Mu 1906 dokotala wa ku Germany, Albert Fraenkel, anaonetsa kuti akabayidwa mumtsempha amagwira ntchito m'mphindi zochepa, ndipo ku Germany jakisoni ameneyu anakhala wodalirika kwa zaka zambiri. M'mayiko ena ambiri anagonja. Mu 1930 Sydney Smith, wa ku Burroughs Wellcome komweko, anatulutsa digoxin m'masamba a Digitalis lanata. Anali mankhwala amodzi oyera, otheka kuikidwa pa sikelo n'kupangidwa piritsi. Achule ndi amphaka anayamba kupuma, ndipo kombe anazimiririka pang'onopang'ono m'mashelefu.

Chifukwa chimene mankhwalawa amalimbitsira mtima chinadziwika mochedwa. Mu 1953 Hans Schatzmann wa ku Switzerland anaona kuti amatseka kayendedwe ka mchere wa sodiyamu ndi potaziyamu pa khungu la selo. Mu 1957 Jens Skou wa ku Aarhus, akufufuza mitsempha ya nkhanu, anapeza kampope kenikeni kamene kamatulutsa sodiyamu mutatu n'kulowetsa potaziyamu muwiri, ntchito imene inamupatsa mphoto ya Nobel mu 1997. Digoxin ndi strophanthin amakhala pa kampope kameneka. Kakafooka, sodiyamu amachuluka m'selo, kashiamu n'kutsatira, ndipo mnofu wa mtima umafinya mwamphamvu. Kakatsekeka kwambiri, magetsi a mtima amasokonekera, n'kuchitika zija zinkachitikira njati.

Wophunzira akamvetsa kampope kameneka, zambiri zimene akanangoloweza zimayamba kudzifotokoza zokha. Potaziyamu ndi digoxin amalimbirana malo amodzi, choncho potaziyamu akachepa m'magazi digoxin amapeza malo ambiri. Ndipo wodwala mtima wofooka nthawi zambiri amamwanso furosemide, mapiritsi aja odwala amangoti okodzetsa, amene amataya potaziyamu mu mkodzo. Digoxin amatuluka kudzera mu impso, ndipo impso za okalamba zimagwira ntchito mochedwa. Tsono taganizani gogo wina ataima pa windo la famase, miyendo yotupa, kabuku kachipatala kali m'jumbo. Walemberedwa piritsi la mamaikirogalamu 125, kanthu kakang'ono koti kangatayike m'chikhatho. Watsegula m'mimba masiku angapo, chakudya sichikulowa, ndipo akuti maso akuchita chifunga. Wa ku famase wophunzira bwino sangowerenga mapiritsi n'kulemba pa kapepala. Amafunsa kuti, "Agogo, nseru yayamba liti? Nanga mapiritsi okodzetsa aja mukumwabe?" Akamva mayankho amabweza gogoyo kwa dokotala asanamwenso piritsi lina, chifukwa pa digoxin mtunda wa pakati pa mlingo wochiza ndi wopweteka ndi waufupi kwambiri.

Ngakhale piritsilo linali ndi phunziro lake. Mu 1971 John Lindenbaum ndi anzake ku New York anaonetsa kuti mapiritsi a digoxin a makampani osiyana, olembedwa mlingo umodzi, ankafikitsa mankhwala osiyana kwambiri m'magazi, chifukwa ena ankasungunuka msanga ena mochedwa. Kuyambira pamenepo kuyeza kasungunukidwe ka mapiritsi kunakhala lamulo, ndipo ndi limodzi mwa maphunziro amene wophunzira aliyense amachita m'labotale. Funso lalikulu, lakuti kodi digoxin amatalikitsa moyo, linayankhidwa mu 1997 ndi kafukufuku wa odwala 6,800 ku America ndi Canada. Sanachepetse imfa, koma anachepetsa kugonekedwa m'chipatala. Lero ali m'munsi pa mndandanda, ngakhale akadali ndi ntchito kwa amene mtima wawo ukugunda mothamanga ndi mosalongosoka, monga achinyamata ambiri amene zitseko za mtima wawo zinaonongeka ndi nthenda yoyambira pa zilonda za pakhosi zosachizidwa.

Sukulu zambiri zimaphunzitsa mankhwala a mtima ndi a mapapo moyandikana, ndipo pali chifukwa. Ziwalo ziwirizi zili ngati nyumba za lendi zogawana khoma limodzi: ukakhoma msomali mbali ino, kwa aneba pulasitala amagwa. Magazi onse otuluka kumanja kwa mtima amadutsa m'mapapo asanabwerere kumanzere. Mtima ukafooka madzi amadzaza m'mapapo, munthu n'kumabanika akagona chagada. Mapapo akaonongeka ndi fodya, utsi wa nkhuni kapena zipsera za chifuwa chachikulu, mtima wa kumanja umatopa. Mankhwala nawo salemekeza malire, ndipo dziko linaphunzira zimenezi ndi maliro.

Odwala mphumu anathandizidwa ndi adrenaline kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndiponso ndi ephedrine, amene Nagai Nagayoshi wa ku Japan anamutulutsa mu 1885 m'chitsamba cha ku China chotchedwa ma huang, ndipo Chen ndi Schmidt anamufufuza ku Peking mu 1924. Onsewa amatsegula njira za mpweya koma amathamangitsanso mtima. Inhela yopopera yoyamba inatuluka mu 1956 ku kampani ya Riker ku America, mtsikana wa zaka 13, mwana wa mkulu wa kampaniyo, atadandaula kuti bwanji mankhwala ake a mphumu sangaikidwe m'chitini chopopera ngati mafuta a tsitsi. Chinali chinthu chabwino, ndipo anthu anachikonda. Koma m'zaka za m'ma 1960 imfa za mphumu zinakwera mwadzidzidzi ku England ndi Wales, ku Australia ndi ku New Zealand, makamaka pakati pa ana ndi achinyamata. Ofufuza anawerengera kuti ku England ndi Wales kokha kunafa anthu pafupifupi 3,500 oposa amene akanayembekezeka pakati pa 1961 ndi 1967. Ambiri ankapezeka inhela ili m'manja. Chala chinaloza mankhwala a m'inhela otchedwa isoprenaline, mtundu wake wamphamvu kasanu kuposa wa masiku onse, amene ankagulitsidwa m'mayiko omwewo, ndipo ku Britain munthu ankatha kugula popanda kalata ya dokotala mpaka mu 1968. Atachenjeza anthu n'kuletsa kugulitsa mwachisawawa, imfa zinatsika.

Yankho linali litagona m'pepala limene anthu sanalilabadire. Raymond Ahlquist, amene maphunziro ake oyamba anali a famase, analemba mu 1948 kuti adrenaline amafikira pa timalo ta mitundu iwiri m'thupi, timene anatitcha alpha ndi beta. Magazini yoyamba imene anatumizako inakana pepalalo. James Black, dokotala wa ku Scotland wogwira ntchito ku kampani ya ICI, analiwerenga n'kuganiza mosiyana ndi anzake. Onse ankafuna kuonjezera magazi opita ku mtima wopweteka. Iye anati bwanji tichepetse ntchito ya mtimawo potseka timalo ta beta kuti usamafune mpweya wambiri. Zotsatira zake zinali propranolol, mu 1964, ndi mphoto ya Nobel mu 1988. Mu 1967 Lands ndi anzake anaonetsa kuti beta nayenso ali pawiri: beta-1 wochuluka mu mtima, beta-2 wochuluka m'njira za mpweya. Gulu la David Jack ku kampani ya Allen & Hanburys linapanga salbutamol, wokonda beta-2, ndipo anatuluka mu 1969 ndi dzina la Ventolin. Inhela yabuluu imene ili m'zikwama za odwala mphumu padziko lonse ndi imeneyo. Koma kusankha kwake si kwathunthu, n'chifukwa chake wopopera kwambiri manja amanjenjemera, mtima n'kumagunda mwamphamvu. Kumbali inayo, propranolol amatseka beta onse awiri, ndipo piritsi limodzi lingathe kumutsekera mpweya munthu wa mphumu. Funso lakuti "Kodi mumadwala mphumu?" limene limafunsidwa munthu asanapatsidwe mankhwala a gulu limeneli linagulidwa modula.

Wophunzira amayeneranso kuzolowera kuti buku limasintha. Kwa zaka zambiri ankaphunzitsa kuti mankhwala otseka beta ndi oletsedwa kwa wodwala mtima wofooka, ndipo zinkamveka zanzeru, poti ungachepetse bwanji mphamvu ya mtima wotopa kale? Mu 1975 Finn Waagstein ndi anzake ku Gothenburg anayesa timilingo tating'ono n'kuona odwala akupeza bwino. Ambiri sanakhulupirire mpaka mu 1999, pamene kafukufuku wa bisoprolol ndi wa metoprolol anaonetsa kuti imfa zimatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, bola kuyamba pang'ono n'kumakweza mosathamanga. Ku mphumu nakonso zinatembenuka. Beclomethasone wopopera anafika mu 1972, ndipo pang'onopang'ono zinadziwika kuti muzu wa mphumu ndi kutupa kwa mkati mwa njira za mpweya, kumene inhela yabuluu sikukhudza. Mu 2019 bungwe la GINA, lolemba malangizo a mphumu padziko lonse, linasiya kuvomereza kuti wamkulu kapena wachinyamata azidalira salbutamol yekha. Malangizo amenewa ndi ovuta kuwatsata kumene inhela yoteteza imasowa kapena kudula, ndipo wodwala amakonda yabuluu chifukwa amamva kusintha nthawi yomweyo pomwe inayo imagwira ntchito mwakachetechete. Kumutsimikizira kuti apitirize kupopera m'mawa ndi madzulo ngakhale akupeza bwino, n'kuchukucha m'kamwa akatha, ndi ntchito imene imagwera wa ku famase.

Palinso ululu wina umene unasanduka mankhwala, ndipo nkhani yake imadutsa m'mapapo momwemo. Ku Brazil anthu olumidwa ndi njoka yotchedwa jararaca ankakomoka magazi atatsika mphamvu. Mu 1965 Sérgio Ferreira wa ku Ribeirão Preto anapeza mu ululuwo tinthu tolimbikitsa bradykinin, amene amatsegula mitsempha ya magazi. Anapita nato ku London, ku labotale ya John Vane, kumene kunadziwika kuti michere yotchedwa ACE, imene imapanga angiotensin wofinya mitsempha, imagwira ntchito kwambiri magazi akamadutsa m'mapapo, ndi kuti ululu wa njokawo umaitseka. David Cushman ndi Miguel Ondetti a ku kampani ya Squibb anapanga kuchokera pamenepo captopril, amene anavomerezedwa mu 1981, enalapril n'kutsatira. Mu 1987 kafukufuku wa ku mayiko a kumpoto kwa Ulaya, wa odwala 253 a mtima wofooka kwambiri, anaonetsa kuti enalapril anachepetsa imfa ndi 40 peresenti m'miyezi 6. Chimene digitalis sanathe m'zaka 200, mankhwalawa anachita.

Koma mankhwalawa amachulukitsanso bradykinin, ndipo iye akachuluka m'mapapo amayambitsa chifuwa chouma, chokanda pakhosi, chosamva mankhwala a chifuwa. Ku Ulaya chimenechi ndi chosowetsa mtendere chabe. Kuno kwathu, kumene chifuwa chosatha chimatanthauza kukapereka makhololo, munthu amatha kuyenda ulendo wautali wa mantha, kuyezedwa, kumwa maantibayotiki osafunika, pomwe gwero lili m'kabotolo ka mankhwala a BP. Kuyeza chifuwa chachikulu n'kofunika ndithu ndipo sikuyenera kudumphidwa, koma wina ayenera kufunsanso kuti chifuwacho chinayamba liti poyerekeza ndi mapiritsi atsopano. Gulu lomweli la captopril ndi enalapril limatupitsa milomo ndi lilime mwadzidzidzi kawirikawiri kwa anthu akuda kusiyana ndi azungu, ndipo ndi loletsedwa kwa mayi woyembekezera. Ndiye ngati chifuwacho chapezeka kuti ndi TB, nkhani ina imayamba: rifampicin amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, kotero kuti warfarin wa munthu woikidwa chitseko chachitsulo mu mtima amachepa mphamvu, chimodzimodzinso nifedipine ndi amlodipine. Mankhwala a TB akatha, chiwindi chimabwerera mwakale patapita masabata, ndipo mlingo wa warfarin umene unakwezedwa uja ukapanda kutsitsidwa munthu amataya magazi.

Kwa nthawi yaitali Mmalawi wofuna digiri ya famase ankayenera kupita kunja, ndipo zipatala zambiri zinkayendetsedwa ndi matekinishani ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, amene mpaka lero ndiwo asenza gawo lalikulu la ntchitoyi. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, maphunziro a digiri ya famase n'kuyamba mu 2006, ndipo kuyambira 2021 ali pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Omaliza maphunziro amalembetsedwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Kuchokera pa sukuluyi kutsika Thabwa kukafika ku Chikwawa ndi ulendo wa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Ndikanakonda phunziro la mankhwala a mtima likanamayambira kumeneko, ophunzira ataona chomeracho ndi maso, asanatsegule buku lolembedwa ku London limene limatchula kombe m'mzere umodzi kapena osamutchula n'komwe.

Zina zimene zikulowa m'maphunzirowa tsopano zikuchokera mu Africa muno. Mwana wamng'ono satha kupopera ndi kukoka mpweya nthawi imodzi, choncho mankhwala ambiri amathera pakhosi. Kachubu kapadera kothandizira vutoli n'kodula ndipo sikapezeka paliponse. Mu 1999 Heather Zar ndi anzake pa chipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town anaonetsa kuti botolo lapulasitiki la zakumwa la mamililita 500 limagwira ntchito mofanana ndi kachubu kogula. Amaboola kunsi kwa botolo bowo lofanana ndi kamwa ya inhela, kuisomeka mothina kuti mpweya usamatuluke, mwana n'kuluma kukamwa kwa botolo. Amapopera kamodzi, mwana n'kupuma kangapo, kenako n'kupoperanso. Botololo amalitsuka ndi sopo wamadzi n'kulisiya liume lokha osapukuta, kuti mankhwala asamakakamire m'mbali. Kapu ya pulasitiki yofewa, imene ena ankagwiritsa ntchito, inapezeka kuti siithandiza mokwanira.

Pa BP, malangizo ambiri anachokera ku kafukufuku wa ku Ulaya ndi America, ndipo ngakhale zonena za anthu akuda zinkachokera kwa akuda a ku America. Mu 2019 gulu lotsogozedwa ndi Dike Ojji wa ku Abuja linafalitsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 728 m'mayiko 6: Nigeria, Cameroon, Kenya, Uganda, Mozambique ndi South Africa. Anayerekeza mapiritsi awiriawiri kwa miyezi 6, n'kupeza kuti amlodipine pamodzi ndi hydrochlorothiazide, kapena amlodipine pamodzi ndi perindopril, amatsitsa BP kuposa perindopril ndi hydrochlorothiazide, ndi mamilimita pafupifupi 3. Amlodipine naye ali ndi khalidwe lake, amatupitsa akakolo. Wodwala akabwera nsapato zikumuthina, wophunzira ayenera kusiyanitsa kutupa kumeneku ndi kwa mtima wofooka: afunse ngati akubanika akagona kapena akakwera chitunda, ndiponso ngati kutupako kunayamba mlingo utakwezedwa. Kutupa kwa amlodipine kumabwera chifukwa timitsempha tating'ono tatseguka, madzi a m'thupi sanachuluke, choncho furosemide sathandiza kwenikweni. Dokotala amachepetsa mlingo, kapena kuphatikiza ndi mankhwala a gulu la enalapril, amene amachepetsa kutupako.